Munalipira, koma gemu si yanu

Loweruka lina masana, malaiti atapita monga mwa nthawi zonse, tinali m'kashopu ka magemu kuseri kwa msika wa m'komboni mwathu. Muwadziwa mashopu amenewa: mabenchi awiri, ma TV atatu, chitenje pakhomo chotchinga dzuwa, ndi ka genset panja kakutsokomola monga kali ndi chifuwa. Pa TV ya kumanzere panali PS3 yakale yomata ndi selotepu pakona, ana a sukulu akuthyolana makosi pa Mortal Kombat. Pa TV yapakati panali PS4 ndi disiki ya FIFA imene yadutsa kale m'manja mwa anthu anayi kapena asanu. Pa TV yaikulu, pamalo aulemu, panali makina atsopano amene mwini shopu anawatenga pa nkongole, aja opanda polowetsa disiki. Akale awiriwo anali pa nchito, ndalama zikulowa. Atsopanowo anali chete, ndipo pa chithunzi cha gemu iliyonse panali kaloko kakang'ono.

"Ba boss, nanga iyi yachita bwanji?" anafunsa mnyamata wina, ka K5 kali m'manja.

"Ni network, mufana. Yembekeza."

Anayembekeza mpaka kutopa, n'kukakhala pamzere wa PS3. Magemu a m'makina atsopanowo mwini shopu anawagula pa akaunti ya munthu wina, ndipo sayaka pokhapokha makina atayamba afunsa pa intaneti ngati aloledwa. Tsiku limenelo tawa ya network ya m'dera lathu nayonso inalibe malaiti. Ndalama analipira, petulo wa genset anagula, TV ikuyaka, mapadi ali ndi moto, koma chilolezo chosewera chinali kutsidya kwa nyanja, ndipo sichinabwere.

Kaloko kameneko ndiko tifuna tikambirane lero, chifukwa ambiri a ife tikukathamangira ndi ndalama zathu zomwe, ena mpaka kuseka anzawo amene akali kugwira madisiki.

Tiyambe ndi kukumbuka mmene magemu anafikira kuno. Palibe wa ife amene anagonapo pakhomo la sitolo kuyembekezera tsiku loyamba la PlayStation. PS2 inatuluka mu 2000, koma ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere kapena ku Kapata ku Chipata inafika mochedwa, m'masutikesi a amalume ochokera ku UK, m'mabasi a ku Johannesburg, m'katundu wa amalonda a ku Dubai. Inafika ana a kwina atatopa nayo kale. Ife tinailandira ndi manja awiri, ndipo inatilera. GTA San Andreas ya 2004 tinali kuisewera zaka khumi pambuyo pake monga yatuluka dzulo. Ngakhale opanga magemu a mpira anadziwa kuti makina akalewo akali amoyo kwinakwake: FIFA 14 ndi PES 2014 zinatuluka pa PS2 mu 2013, patapita zaka 13 chibadwire cha makinawo. Sony ikamba kuti inagulitsa ma PS2 opitirira 160 miliyoni. Ambiri mwa amenewo anakhala ndi moyo wachiwiri ndi wachitatu, ndipo wachitatuwo ndiwo unali wathu.

Izi sitichita nazo manyazi. Dziko lathu liyenda pa zinthu za moyo wachiwiri: jekete ya salaula ya ku Soweto, Toyota yolowera pa Nakonde itayenda kale misewu ya ku Japan, foni ya ku Town Centre imene mwini wake woyamba sitidzamudziwa. Zonsezi zitheka chifukwa cha mfundo imodzi imene ngakhale mwana aidziwa, yakuti chimene wagula n'chako. Ungachigulitse, ungachibwereketse, ungachipatse m'bale wako. Disiki ya gemu inali m'gulu lomweli. Ukatsiriza God of War upita nayo kwa mnzako, iye akupatsa Tekken. Ukatopa ndi FIFA ya chaka chatha uwonjezerapo pang'ono, utenga ya chaka chino. Mwezi ukakhala pakona, ya basi yopita ku koleji yasowa, disiki isanduka ndalama tsiku lomwelo. Gemu imodzi yogulidwa kamodzi ku Manchester inali kusangalatsa nyumba zambirimbiri isanafe. Ndipo kashopu ka m'komboni, kamene kalipira lendi ndi kugulira ana mayunifomu, kanamangidwa pa msika umenewu.

Opanga magemu msika umenewu sanaukondepo, pakuti disiki ikagulitsidwa kachiwiri iwo salandirapo ngakhale ngwee imodzi. Mu 2013 Microsoft inayesa kuupha poyera. Polengeza za Xbox One inati makinawo azilowa pa intaneti kamodzi pa maola 24 alionse, apo ayi magemu atseka, ndiponso kuti kugulitsa disiki kapena kupatsa mnzako kuzikhala ndi malamulo ake. Atafunsidwa za anthu opanda intaneti, mkulu wa Xbox wa nthawiyo, Don Mattrick, anayankha kuti otero ali nayo kale yawo, Xbox 360. Kunena kwina, osauka khalani ndi zakale. Anthu anakalipa dziko lonse. Sony inapezerapo mpata n'kutulutsa kavidiyo kachipongwe kophunzitsa mmene munthu angabwereketsere gemu pa PS4: bwana mmodzi apatsa mnzake disiki m'manja, basi, kavidiyo katha. Mwezi womwewo wa June, Microsoft inabweza mawu.

Tinaganiza kuti nkhani yatha. Sinathe. Anangophunzira kuti nkhuku sugwira poithamangitsa, umaiwazira chimanga. Mu November 2020 PS5 inabwera mitundu iwiri: ya disiki pa $500 ku America, yopanda disiki pa $400. Xbox Series S inabwera yopanda polowetsa disiki n'komwe. Mu 2023 kunatuluka PS5 yocheperako thupi, imene choikamo disiki chake chichita kumangirira pambali, ndipo kuti chigwire nchito koyamba chifunika intaneti. Mumve bwino pamenepa: chida chimene nchito yake ndi kukumasulani ku intaneti chiyamba chapempha chilolezo pa intaneti. Mu November 2024 PS5 Pro inafika pa $700 yopanda choikamo disiki. Ukachifuna, uwonjezere $80. Kampani yomwe ija inali kuseka inzake mu 2013, manje igulitsa nyumba payokha, chitseko pachokha. Nintendo nayo, pa Switch 2 imene inatuluka mu June 2025, yabweretsa timakadi tina tooneka monga ta gemu, koma mkati mulibe gemu, muli kiyi chabe yokuuza kuti pita ukadaunilode.

Manje funso ndi ili: mukadina batani logulira pa sitolo ya pa intaneti, mugula chiyani? Mugula laisensi, chilolezo chosewera chomangiriridwa ku akaunti yanu, chimene simungagulitse kwa wina. Si ife tikamba, ndi eni ake. Mu September 2024 ku California kunasainidwa lamulo loletsa masitolo a pa intaneti kugwiritsa nchito mawu oti kugula popanda kuuza kasitomala momveka kuti alandira laisensi chabe. Mwezi wotsatira Steam inayamba kulemba zimenezo pamalo olipirira. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho bwana wina wa Ubisoft, Philippe Tremblay, anali atakamba kale poyera kuti osewera afunika kuzolowera kusakhala eni a magemu awo, monga mmene anthu anazolowerera kusakhala ndi ma CD ndi ma DVD.

Ife a m'komboni chinenero chimenechi tichimva kuposa aliyense, chifukwa ambiri tinakulira m'nyumba za lendi. Tidziwa kusiyana kwa nyumba yako ndi ya landilodi. Ungapente, ungaikemo matailosi, ungakhalemo zaka khumi osaphonya ngakhale mwezi umodzi, koma tsiku limene mwana wa landilodi akwatira, iwe upatsidwa notisi. Komabe landilodi ali ndi chilungamo chake: sanakuuzepo kuti wagula nyumba. Awa akulipiritsa mtengo wogulira, n'kukupatsa ufulu wa walendi.

Manotisi ayamba kale kugwa. The Crew, gemu ya magalimoto ya Ubisoft ya 2014, inali kufuna intaneti ngakhale uli kusewera wekha. Kumapeto kwa March 2024 kampaniyo inazimitsa maseva, gemu inafa kwa onse amene anailipira. Sitolo ya Nintendo 3DS ndi Wii U inatsekedwa mu March 2023, ya Xbox 360 mu July 2024. Mu 2021 Sony inalengeza kuti itseka ya PS3 ndi PS Vita, n'kubweza mawu anthu atachita phokoso. Mu September 2023, EA Sports FC 24 ili pafupi kutuluka, ma FIFA akale anachotsedwa pa malonda m'masitolo a pa intaneti, moti amene afuna FIFA 23 lero, yomaliza ya dzina limenelo, njira yake yowongoka ndi disiki ya munthu wina. Aja a ife tinakulira pa PES tinaona zathu mu September 2021: inasanduka eFootball, yaulere, yopanda disiki, yopandanso Master League imene tinali kugonera mochedwa. Bungwe la Video Game History Foundation litawerenga mu 2023 linapeza kuti pa magemu 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sagulitsidwanso.

Zoona, amene anagula kale m'masitolo otsekedwawo akali kuloledwa kudaunilodanso zawo, pakali pano. Koma ganizirani za ife, anthu ofika phwando litatha. Ife makina amatipeza ali ndi zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, nthawi zina khumi. PS2 kufika mochedwa sikunavute, inabwera ndi thumba la madisiki. Manje tiyerekeze makina opanda disiki a 2020 akutsika m'basi pa Intercity cha m'ma 2032, mwini wake woyamba atachotsamo akaunti yake, monga mmene ayenera kuchitira. Mkati mulibe kalikonse. Magemu onse amene munthu uja anagula pa zaka khumi atsala naye ku Manchester, osaseweredwanso, osagulitsika, osapatsika. Mng'ono wanu amene ali giredi 3 lero adzalandira bokosi lopanda kanthu, ndi sitolo imene mwina idzakhala itatseka. Mtsinje umene watibweretsera magemu zaka zoposa 20 akuutseka kumtunda, ife kumunsi kuno tikuomba m'manja chifukwa makina aoneka bwino pa shelefu.

Pali chinanso chimene mnyamata wa ku London sachiganizira n'komwe. Mukamatsegula akaunti ya PlayStation, pamndandanda wa maiko Zambia palibe. Malawi palibe, Zimbabwe palibe. Kum'mwera kwa Sahara kuli South Africa chabe. Ndiye tonse tinama. Mnyamata wa ku Kalingalinga alemba kuti akhala ku Delaware, mtsikana wa ku Kabwata asanduka wa ku Sandton, keyala yotola pa Google. Dziko ukalisankha silisinthikanso. Khadi ya banki ya kuno kawirikawiri ikanidwa, ndiye tigula ma gift card kwa anthu a pa WhatsApp, mtengo wa dola kuwonjezapo phindu lawo. Chuma chonse cha magemu athu chikhala pa akaunti yomangidwa pa bodza limene sitinalisankhe tokha. Akaunti ikatsekedwa kapena kubedwa, zonse zapita tsiku limodzi. Mukadandaule kuti? Ku CCPC, bungwe loteteza ogula, mukakamba kuti chiyani, pamene pa pepala ndinu munthu wa ku Delaware?

Mu May 2024 tinaona mmene kusakhala pamndandanda kumapwetekera. Helldivers 2 inali itagulitsidwa pafupifupi miyezi itatu pa Steam kwa osewera pa kompyuta, kenaka Sony inalengeza kuti onse afunika kulumikiza akaunti ya PlayStation. Anthu a m'maiko amene akauntiyo kulibe anafunsa kuti nanga ife tinalipira kale titani? Gemuyo inachotsedwa pa malonda m'maiko ndi zigawo zoposa 170, pafupifupi Africa yonse ili momwemo. Patapita masiku ochepa a phokoso Sony inasiya lamulolo, koma chitseko cha sitolo chinakhala chotseka kwa ife miyezi yambiri. Polandira ndalama sanafunse pasipoti. Pasipoti anaikumbuka pambuyo.

Pamene pali mpanda pamabadwa oboola mpanda. Ndiwo aja alengeza pa status kuti gemu yatsopano ilipo pa theka la mtengo. Chimene agulitsa si gemu, ndi malo pa akaunti yawo, ndipo akaunti imodzi aigulitsa kwa anthu angapo. Sabata yoyamba zonse zili bwino, mpaka mumuuzako ndi mnzanu kuti munthuyu ndi wokhulupirika. Tsiku lina muyatsa makina, kaloko. Mumutumira uthenga, tiki imodzi. Wasintha pasiwedi, kapena akauntiyo yatsekedwa chifukwa magemu anagulidwa ndi khadi yakuba, kapena wangogulitsa malo anu kwa wina. Pa pulogalamu yathu ya achinyamata pa wailesi, nkhani iyi yokha ingadzaze ola lonse la mafoni. Wokugulitsa disiki yokalika umupeza pa tebulo lake mawa n'kumugwira malaya. Wa akaunti ndi nambala ya foni chabe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndiye pali za malaiti ndi bundle. Chaka cha 2024 sitidzachiiwala msanga. Chilala chinalengezedwa kukhala tsoka la dziko pa 29 February, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika September nyumba zambiri zinali kuona malaiti maola atatu pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Gemu yaikulu ya masiku ano ifika 50GB mosavuta, ina ipitirira 100GB. Werengani nokha mtengo wa bundle yotero, muwerengenso kuti pa maola atatu, network ikudumphadumpha, mudzatsiriza tsiku liti. Amene anakonza dongosolo limeneli akhala kumene intaneti ilipiridwa pa mwezi popanda malire, kumene malaiti akapita madzulo amodzi mawa lake zimakhala m'nyuzipepala. Sanatiganizire zoipa. Sanatiganizire n'komwe.

Tidziwa zimene ena mwakonzeka kale kutiyankha. Mukuti disiki imakalika. Zoona, tonse tinapakapo Colgate pa disiki ya PS2 n'kupemphera. Koma Blu-ray, kuyambira pa PS3, ndi yolimba kuposa zija, ndipo disiki ikafa yafa imodzi, pamene akaunti ikafa yafa shelefu yonse.

Mukuti madisiki ena a masiku ano ndi zigoba chabe. Apa mwalasa. Ya Call of Duty: Modern Warfare II ya 2022 inapezeka ndi 72MB, zotsala zonse kudauniloda. The Crew nayo inafa pamodzi ndi madisiki ake. Koma chimenecho si chifukwa chotayira disiki, ndi mlandu wina pa mulu womwewo. Magemu ambiri osewera munthu mmodzi akali kulowa ndi kuyaka kuchokera pa disiki popanda intaneti, ndipo ngakhale chigoba chija, malinga gemu ikali yamoyo, ungachigulitse kapena kusinthana. Ya pa akaunti ayi.

Mukuti pa sale za pa intaneti magemu atsika mtengo kwambiri. Zoona, ifenso tagulapo, ndipo tidzagulanso. Gemu ya madola asanu igulani mukudziwa kuti ndi lendi, palibe mlandu. Vuto lili pa makina opanda polowetsa disiki, chifukwa pamenepo mwadzitsekera m'sitolo imodzi, ya mwini makina, ndipo mtengo ndi umene iye wanena. Palibe kukambirana, palibe kupita pa tebulo lina, palibe kubwereka. Ndalama imene mwapulumutsa tsiku logula makina mudzaibweza pa magemu ochepa oyamba.

Ena mukuti nkhani yonseyi ndi ya mabwana, ife tisewera pa foni: Free Fire, PUBG Mobile, Dream League. Ndiye kuti inu mwafika kale kumene enafe akutipititsa. Madayamondi ndi zovala zimene mwagula ndi mobile money, yesani kuzigulitsa mwalamulo tione. Tsiku limene seva idzazimitsidwa simudzatsala ngakhale ndi kabokosi kopanda kanthu.

Ndipo pali aja akuseka chamumtima, amati ife PS yathu ndi yochipa, magemu amatiikira pa hard drive m'tauni, za laisensi sizitikhudza. Tisanamizane, ubwana wa ambiri a ife unayenda pa madisiki okopa, ndipo sitinabwere pano kudzadziyeretsa. Gabe Newell, mkulu wa Valve, eni ake a Steam, anakamba mu 2011 kuti kukopa magemu kawirikawiri ndi vuto la kasamalidwe ka kasitomala, osati la mtengo. Munthu amene dziko lake simunaliike pamndandanda, khadi yake muikana, disiki mukumulanda, mwamusiyira njira iti? Komabe njira ya kuseri si yankho. Makina atsopano avuta kuchipa, akagwidwa pa intaneti atsekedwa, ndipo oyamba kuvulala ndi opanga magemu ang'onoang'ono, kuphatikizapo a mu Africa muno amene angoyamba kumene. Kulipira sitikana. Chimene tikana ndi kulipira n'kubwerera chimanjamanja.

Koma mkwiyo wathu waukulu suli pa makampani. Kampani ifuna phindu monga mmene fisi afunira mbuzi, palibe chodabwitsa. Uli pa ife eni khola. Tafika poti mnyamata alowa kaloba kuti agule makina opanda disiki chifukwa ndiwo otsikirako mtengo pa atsopano, ajambula bokosi, aika pa status, ndiye ayamba kuseka mnzake wa PS4 kuti akali m'nthawi ya makolo. Miyezi itatu ikapita, wa PS4 wasinthana magemu asanu, wa bokosi akali pa gemu yaulere imodzi chifukwa dola yakwera ndipo gift card yadula. Akafuna kugulitsa makinawo kuti abweze kaloba, wogula afunsa kuti nanga magemu? Magemu ali pa akaunti, akaunti ili pa imelo yake, imelo ili ndi moyo wake wonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ife tagula fodya amene ali pa seva kudziko lina, n'kumayenda modzikweza.

Tisamvenso zoti ndife ochepa, palibe amene angatimvere. Mu 2013 anamva. Mu 2021 anamva. The Crew itaphedwa, Ross Scott wa pa YouTube anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yofuna kuti kampani ikamasiya gemu iziisiya ili yoseweredwa kwa amene anailipira. Mu July 2025 osaina pempho lake ku European Union anapitirira 1 miliyoni, ndipo Ubisoft inali italonjeza kale kuti The Crew 2 ndi The Crew Motorfest zidzatha kuseweredwa popanda intaneti. Pempho limenelo ife sitingasaine, si ife nzika za kumeneko. Koma amalonda a ku Kamwala ndi ku Town Centre, ndi aja akwera basi ya ku Johannesburg kukatenga katundu, abweretsa zimene ife tifunsa. Tikafunsa makina a disiki, adzabwera a disiki. Tikapitiriza kutola otchipa opanda polowetsa, msika wa madisiki osinthana udzauma m'manja mwathu, ndipo woumitsa tidzakhala ndife.

Ndiye musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsa azimitse intaneti, ayatse gemu inu mukuona. Ikayaka, kambiranani mtengo. Ikaonetsa kaloko, bwezani ndalama m'thumba. Ngati mugula ya pa intaneti, igulani pa akaunti yanu, pa imelo yanu, pasiwedi muidziwe nokha, ndipo makina anu muwaike kukhala makina enieni a akauntiyo kuti magemu aziyaka network ikapita. A kompyuta, yang'anani kaye ngati gemu ilipo pa GOG, kumene akupatsani fayilo yoikira imene mungasunge pa flash n'kuiika tsiku lililonse popanda kupempha munthu. Madisiki anu sungani m'mabokosi ake, osati pamwamba pa TV pamene pamatera fumbi lonse la mu August.

Ndipo inu eni mashopu, ba boss, musapupulume kugulitsa makina akale kuti mugule amodzi owala. PS3 ija ya selotepu itseguleni, fani muitsuke, mapadi oyenda okha mupite nawo kwa anyamata okonza mafoni akasinthe timitengo. Loweruka lija, petulo wa genset ndi nkongole ya makina atsopano zinalipiridwa ndi iyo.